Mamita Atatu a Pachulu

Funso limene ndikufuna kuyankha ndi limene amandifunsa anthu odutsa pa njira ya ku Chulu akaima pakhomo panga kupempha madzi akumwa. N'chifukwa chiyani munthu amene anatha zaka ku Joni akujambula mapulani a nyumba za anthu achuma anamanga yakeyake yoduka mbali imodzi, yokhala ndi khomo lotsekedwa ndi njerwa kukhoma lakumadzulo? Ambiri ndimawayankha kuti simenti inakwera mtengo. Amalandira yankho limeneli msanga chifukwa ndi loona pa nyumba zambiri za kuno. Pa yanga si loona.

Ndinachoka kumudzi ndili ndi dipuloma ya zojambula mapulani, imene pa boma la Kasungu inandipezera ntchito zojambula magolosale angapo basi. Fodya wa chaka chimenecho anatuluka bwino m'munda koma anagwa pamsika. Ndinali nditakwatira Nachisale n'kumutengera kwathu, ndipo mwana tinali tisanamuone. Ndisananyamuke, amalume anandilozera malo omangapo nyumba, kumapeto kwa munda wathu wakale wa fodya, pafupi ndi chulu chachikulu chomera zitsamba. Chulucho ndinkachidziwa kuyambira ubwana. Amayi ankatiletsa kusewerapo kapena kudyetserapo mbuzi, amati pali mamba. Mamba ameneyo palibe anamuonapo. Chimene tinkaona tikazemba kupitapo chinali mapale a miphika yosweka, ovundikira m'udzu.

Ku Joni ndinafikira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu, mmene tinkagona Amalawi okhaokha, matilesi atagundana. Wamkulu pakati pathu anali a Nyirenda, mlonda wochokera kumpoto kwa Kasungu, amene Chichewa chawo chinkatsetserekera ku Chitumbuka akakwiya kapena akasangalala. Ndinayamba ndi kusenza matailosi pa nyumba yosanja imene inkamangidwa. Kapitawo ataona kuti ndimawerenga pulani, ananditumiza ku kaofesi ka mayi wina wachikulire amene ankajambula nyumba za anthu. Tonse tinkangowatchula kuti a Madamu.

Kusukulu tinaphunzira kwambiri ndi pensulo ndi thabwa. Kwa a Madamu zonse zinali pa pulogalamu ya pakompyuta, ndipo pulogalamuyo inali ndi khalidwe limene linanditengera nthawi kulimvetsa. Nyumba sijambulidwa pa pepala limodzi. Imajambulidwa pa maleya, amene ali ngati mapepala oonekera osanjikizana: lina la makoma, lina la mapaipi, lina la mawaya a magetsi, lina la miyeso, lina la zinthu zofunika kugumula. Leya iliyonse ukhoza kuiyatsa, kuizimitsa kapena kuikhoma kuti wina asaisinthe. Komanso nyumba yomweyo umaiona m'njira zosiyana, kuchokera pamwamba, kuchokera kumbali, kapena ngati waidula pakati, ndipo kaonedwe kalikonse kali ndi maleya akeake oyatsidwa. Chinthu chikhoza kuoneka ukachiyang'ana chammbali, n'kusowa ukachiyang'ana kuchokera pamwamba, koma chili pomwepo.

Izi ndinaziphunzira pa masitepe a nyumba ya dokotala wina. Ndinatsegula pulani m'mawa, masitepe palibe. Ndinaganiza kuti ndawafufuta mwangozi, ndipo ndinawajambulanso mwakachetechete. Pulogalamuyo itawerengera zipangizo, konkire ya masitepe inatuluka yowirikiza kawiri. A Madamu anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Anadina kamodzi, masitepe akale anatulukira pansi pa atsopano, atalowererana ngati mano a anthu awiri m'kamwa limodzi.

"Chinthu chikasowa pamaso pako, usathamangire kuchijambulanso," anatero. "Chosaoneka sichinafe. Yamba wafunsa kuti ukuyang'ana kuchokera pati, ndiponso ndani wazimitsa, pa chifukwa chanji. Munthu sazimitsa leya popanda chifukwa."

Nditawafotokozera a Nyirenda nkhaniyi tikuchapa zovala Lamlungu, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti makina akowo nawonso amadziwa kubisa fodya wowola pakati pa belo? Dada, ukawauze a Madamu ako kuti luso limenelo linayambira kwathu."

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wofufuza zosowa mu ofesi imeneyo. Mawindo akapanda kuoneka, ndinkadziwa kuti mzere wodulira nyumba waikidwa pansi kwambiri. Miyeso ikakana kutuluka pa pepala, ndinkadziwa kuti leya yake yaletsedwa kusindikizidwa. Khomo likakana kusuntha, leya yake yakhomedwa. Ndinazolowera kuganiza kuti vuto lililonse lili ndi pamene linayambira, ndipo ukatsata masetingi a makina, imodzi ndi imodzi, osalumpha, ulipeza. Kunja kwa ofesi moyo sunali wotero. Panali nyengo zimene mitima ya eni dziko inkatentha pa ife obwera, ndipo tinkakhala m'kachipinda kaja masana onse, chitseko chitatsamiritsidwa ndi bedi, tikumvetsera mapazi mumsewu. Zimenezo zinalibe setingi yoti munthu n'kukonza. Zinkangondikumbutsa kuti ndiyenera kukhala ndi nyumba kwathu.

Khirisimasi ina ndinakwanitsa kubwera kudzacheza. Ndinatenga tepi, ine ndi mng'ono wanga Yotamu tinayeza malo aja mbali zonse, Nachisale akutigwirira nsonga ya tepi uku akutiseka kuti tikuyeza ngati tikugula dziko. Titafika kufupi ndi chulu anandipatsa nsongayo, nati munga wamulasa, n'kubwerera. Sindinaganizepo kanthu.

Nditabwerera ku Joni, a Madamu anandilola kujambula nyumba yanga pa nthawi ya nkhomaliro. Inali ya mamita khumi ndi awiri mulitali, asanu ndi anayi mulifupi. Mamita atatu akumadzulo ndinawapatsa chipinda cha ana ndi kakhonde kake. Mbali imeneyo inkaluma m'mphepete mwa chulu, choncho chulucho ndinachiika pa leya ya zogumula, mizere yofiira yodukaduka, ndi mawu akuti dothi lake liumbidwe njerwa. Ndinaona kuti ndaganiza mwanzeru: malo okwera, osadikha madzi, njerwa pomwepo.

M'miyezi yachisanu foni ya Nachisale inazima kwa nthawi. Amayi anati anali malungo, ndipo wachira. Itayakanso, mawu ake anali ochepa, ngati a munthu wolankhula ali m'tchalitchi. Ndinati ndi kufooka kwa matenda. Nyengo youmba njerwa itafika ndinatumiza pulani kwa Yotamu kuti akasindikize kwa a Yusufu, amene ali ndi sitolo ya simenti ndi makina osindikizira pa malo a malonda a kwathu.

Zithunzi za maziko zinandipeza ndili pa ntchito. Ndinaziyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti nyumbayo yafupika. Chipinda cha ana panalibe. Chulu chinali chilili, zitsamba zake zosakhudzidwa, ndipo njerwa zimene zinaunjikidwa pambali zinali zotuwa, za dothi la kudambo.

Ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa: ndinayamba ndadzikayikira ndekha. Ndinatsegula pulani n'kuona ngati makoma a chipindacho ndinawaika pa leya yolakwika, mwina ya zogumula, imene ikanatuluka ngati mizere yosafunika kumanga. Anali pa leya ya makoma, pamodzi ndi anzake. Ndinaona ngati ndinatumiza kaonedwe kolakwika, kamene maleya ena ndi ozimitsidwa. Ndinatsegula chimene ndinatumizacho pa foni yanga, chipinda chinalipo, ndi miyeso yake. Kenako ndinaganiza za pepala. Pulani ndinaikonzera pepala lalikulu, ndipo makina ang'onoang'ono akapatsidwa lalikulu amadula mbali imodzi. Kumadzulo kunali kumanzere, kumphepete kwenikweni. Ndinasangalala, ndinati ndachipeza. Ndinaimbira a Yusufu.

"Pepala lanu linatuluka lathunthu, bwana," anatero. "Linzake ndasunga, ndikulionera pano. Chipinda chakumanzerechi chilipo, mwalembapo kuti cha ana. Makina angawa amadya inki, sadya zipinda."

Panatsala za mmisiri. Amisiri a kwathu amayeza ndi mafiti, pulani inali m'mamita. Koma akanasokoneza pamenepo, nyumba yonse ikanafupika mbali zonse, zipinda zonse zikanachepa. Pa zithunzi zipinda zina zinali zokwanira bwino. Ndinaonanso ngati anatembenuza nyumba, kumpoto n'kukhala kwina. Mthunzi wa pa zithunzi unandiuza kuti khomo layang'ana kumene ndinafuna. Mmisiriyo anatsata pulani mokhulupirika, mpaka anasiya mpata wa khomo lolowera m'chipinda chimene sanamange.

Zonse zitatha, panatsala chimodzi. Vuto silinali m'makina. Munthu anazimitsa chipindacho.

"Achimwene, ine zikhomo ndinakhoma pamene munanena," anatero Yotamu, amene ankayang'anira ntchito yomangayo, nditamupanikiza pa foni. "Kutacha ndinapeza zakumadzulo zazulidwa, zakhomedwa chakuno. Ndinabwezera. Kutachanso, chimodzimodzi. Ndinafunsa amayi, iwo anati, manga pamene wazipeza. Za chulu anati ndisayerekeze. Ine nditani, ndimenyane ndi amayi?"

"Chifukwa chake anati chiyani?"

"Anati mamba."

Ndinaimbira Nachisale. Anandilonjera mwaulemu wonse, nafunsa za kuntchito.

"Nanga nyumba yafupikiranji?" ndinafunsa.

"Nyumba yaikulu chotero ndisesa ndi yani, abambo?"

"Chimene chachotsedwa ndi chipinda cha ana. Ukudziwa zimenezo?"

Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwake, ndi mpweya wake. Kenako anati netiweki ikuvuta, ngakhale ndinkamumva ngati ali pambali panga.

M'kachipinda ka anthu okhala kutali ndi akazi awo, nkhani yotere sikhala ya munthu mmodzi. Aliyense anali ndi mbiri ya wina amene anatumiza zaka n'kukapeza bwinja, kapena kukapeza mwana wofanana ndi mnansi. Mnzathu wina wopaka penti, wokonda kulasa ndi mawu, anati:

"Mkazi ndi mlamu wake akagwirizana kuchepetsa nyumba, iwe fufuza chimene akukulitsa."

"Yayi, dada, pakamwa pako ukasambe," anatero a Nyirenda. Koma atatembenukira kwa ine sanandiuze kuti mnzathuyo akunama. Anangoti, "Zakumudzi sazionera pa galasi la foni. Pita ukaime pa dothi."

Mawu a wopaka penti aja anamera. Ndinayamba kusanja zinthu monga ndinkasanjira maleya: foni yozima, malungo amene palibe anandiuza dzina la chipatala chake, mawu ochepa, Yotamu wobisala kumbuyo kwa amayi, ndi mkazi wokana chipinda cha ana anga. Zonse zinkagwirizana, ndipo kugwirizana kwakeko kunkandiopsa. Ndinatsimikiza mtima kuti ndipita osauza munthu, ndikakumbitsa maziko pamene ndinajambula, ndipo Nachisale akakanditsekereza popanda chifukwa chomveka, ndikaitana ankhoswe kuti ukwati uthere pomwepo. A Madamu ndinawauza kuti ndikupita kukakonza pulani. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

Ndinafika m'nyengo yotentha, minda itapsa, chobiriwira chili nazale za fodya zokha m'madambo. Nyumba inali itafika pa denga. Mpata wa khomo lakumadzulo unali utatsekedwa ndi njerwa zosapaka. Nachisale anagwada kundilandira chikwama, ndipo ndinaona kuti chitenje chikumuzungulira mopitirira kale. Amayi sanadabwe kundiona. Anati, "Wabwera," ngati munthu amene akuona mvula imene inali itaunjikana kale.

Kutacha ndinalemba amuna awiri a mudzi woyandikana, ndi mapiki awo. Ine ndi Yotamu tinayeza mamita atatu kuchokera pa khoma, tinakhoma zikhomo, ndipo ndinakoka chingwe. Chinadutsa m'udzu wa m'mphepete mwa chulu, pamwamba pa phale limodzi lovundikira. Phalelo silinali lakale ngati ena aja. Mwaye unali ukadalipo.

Woyamba kutuluka anali amayi. Anayenda pang'onopang'ono, nadzakhala pansi pafupi ndi chingwe, miyendo atatambasula. Kenako azakhali. Kenako amayi a nyumba yoyandikana, atasiya ndowa panjira. Ankabwera mmodzimmodzi, ena ndi makasu ochokera kudimba, ena ovala mipango yoyera ya kumpingo, ndipo palibe anandiyang'ana. Anangokhala m'mzere, motsata chingwe changa. Nachisale anabwera pomalizira, nakhala pafupi ndi phale lija.

Wamkulu mwa okumba aja anayang'ana amayiwo, nayang'ana chulu, natsitsa piki paphewa.

"Bwana, ife tapita. Izi si za amuna."

Amayi anauza Yotamu kuti awaperekeze. Atapita anandikodola, ndipo ndinanjuta patsogolo pawo ngati mwana.

"Mamba uja ndinkakuuza uli wamng'ono, unamuonapo?"

"Ayi, amayi."

"Palibe mamba. Pano timagoneka nthayo, ana obadwa osalira. Amene sanalire sitimulirira maliro, sapita kumanda a akulu, ndipo amuna sauzidwa malo. Amalume ako anakulozera pano chifukwa sadziwa. Bambo ako anamwalira osadziwa, koma pagona alongo ako awiri. Ndikukuuza lero chifukwa wabwera ndi piki." Anaika dzanja pa dothi, pafupi ndi phale la mwaye. "Ndipo kuyambira chisanu chapitachi, pagona wako."

Ndinayang'ana chingwe. Ngalande ya maziko ikanadutsa pomwepo, ndipo manda a nthayo sakumba mozama.

Amayi ena aja ananyamuka mmodzimmodzi monga anabwerera, mpaka tinatsala awiri. Nachisale analankhula akuyang'ana pansi.

"Munandisiya nayo pa Khirisimasi paja. Mimba saulutsa pa foni, abambo, makamaka kwa ine amene ndinadikira zaka. Ndinati ilimbe kaye. Italimba ndinati mudzaone ndi maso. Kenako inachoka."

"Nanga pamenepo osandiuza bwanji?"

"Amayi akuluakulu anati zikachitika chotere, mwamuna afunsidwe kumene ali, ngati sanadumphe mkazi wake n'kugona kwina. Amati chimene chimapha mwana m'mimba n'chimenecho. Kuchipatala ananena zina, za kuthamanga kwa magazi. Koma mukanauzidwa, funso lija likanabwera ndithu. Ine ndinawapempha kuti asakufunseni. Ndinaona kuti kutaya mwana ndikwanitsa. Kumva yankho lanu sindinadziwe ngati ndikwanitsa."

Ndinamuyankha funso limene sanafunselo. Yankho langa linali loyera, ndipo ndinalinena lonse, ndi dzina la a Nyirenda ngati mboni. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva," anatero. Anazula kaudzu n'kukapinda pakati. "Nanga inu, pobwera osatiuza, ndi anthu a mapiki, munkaganiza kuti mupeza chiyani?"

Ndinamasula chingwe pa chikhomo n'kuyamba kuchikulunga. Iye anagwira nsonga inayo kuti chisakhudze phale.

Ndaganizira nthawi yaitali za pamene vutoli linayambira, monga ndinazolowera. Sindingaloze amalume, amene anapereka malo osadziwa. Sindingaloze amayi, amene anasunga mwambo umene anaupeza, kapena pulogalamu, imene inajambula zimene ndinaiuza. Pulani yanga inali yolondola pa chilichonse chimene mwamuna akanatha kuyeza ndi tepi. Malowo anali ndi leya ina, yozimitsidwa kwa ife kuyambira kale, ndipo oizimitsawo anali ndi chifukwa. A Madamu anandiuza kuti ndizifunsa chifukwacho. Ine ndinafunsa, koma yankho ndinali nditalijambula kale ndekha.

Ku Joni sindinabwerere. Ndimajambula mapulani pa boma, ndipo ndisanakhome chikhomo pa malo a munthu ndimapempha kuti amayi a pamenepo ayendepo kaye ine kulibe. Pulani ya nyumba yanga ndikadali nayo. Chulu ndinachichotsa pa leya ya zogumula. Chipinda cha ana sindinachifufute. Ndinachisamutsira pa leya yakeyake, ndinaizimitsa, ndinaikhoma. Nachisale anandipeza tsiku lina nditaiyatsa, anayang'ana kanthawi, nandipempha kuti ndizimitsenso. Ukwati ulipo. Ngati anakhulupirira yankho langa lija, sananene, ndipo ine sindinafunse.

Miyeso inatsala motere. Pa pulani nyumba ndi ya mamita khumi ndi awiri mulitali, asanu ndi anayi mulifupi. Pa dothi ndi ya asanu ndi anayi mbali zonse. Zipinda zogona zojambulidwa ndi zitatu, zomangidwa ziwiri, ndipo chogonamo anthu ndi chimodzi. Kuchokera pa khomo lotsekedwa lija kufika pa phale la mwaye pali mamita atatu, osachepera, osapitirira.